Zaka za Zipembedzo, Miyezi ya Nelly

Lolemba, 14 Sepitembala 1987

A Staford, amuna anga, akangodziwa kuti tili kuno abwera kudzamuchotsa Nelly pa dilipi, ndipo mwanayu akachoka pano safika kukomboni wamoyo. Ndalemba zimenezo poyamba chifukwa ndizo zili pamtima. Zina zonse pambuyo.

Ndine Estele. Nelly ndi mwana wanga woyamba, ali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Chikuku chinamutuluka Lachinayi lapitali. Kuyambira dzulo akupuma ngati kagalu kothamangitsidwa, nthiti kuchita kulowa m'kati. M'mawa ndinadikira kuti a Staford atsike mumgodi, ndinamubereka, ndinakwera lole ya nkhuni mpaka kuno ku Bindura. Chitseko sindinakiye n'komwe.

Polembetsa anandifunsa khadi la sikelo. Ndinati linapsa. Sisita Mhaka, amene akuyang'anira wodi yathu, anandiyang'ana nthawi yaitali koma sanafunse kuti linapsa bwanji. Zikuoneka kuti sindine woyamba.

Kutentha thupi 40. M'manja mitsempha sinaoneke, ndiye anamumeta kambali ka mutu n'kuika dilipi pamenepo. Kapaipi ka mpweya m'mphuno. Jakisoni wa penisilini kanayi patsiku. Mankhwala opaka m'maso, ndi ena abuluu a zilonda za m'kamwa.

Kope ili andipatsa Sisita kuti ndizilemba zimene mwana wamwa ndi zimene wabweza. Masamba ndi ambiri, Nelly sakumwa kanthu, ndiye ndikulembamo zanga.

Lachiwiri, 15 Sepitembala

Kutentha 39.8 m'mawa, masana 40. Wamwa masupuni atatu a mkaka wofinya, awiri wabweza.

Ana a chikuku amawaika chipinda chakumapeto, kuseri kwa kochapira. Ife amayi timagona pansi, pambali pa bedi. Kuzenera kuli Abiti Saidi, mayi wachiyao wa ku Wadzanai, lokeshoni ya ku Shamva, wamkulu thupi ndi mawu omwe. Ali ndi mdzukulu wawo Twaibu wazaka ziwiri, anawatumiza kuno kuchokera ku Shamva. Chakukhomo kuli Olipa, wa msinkhu wanga koma wophunzira, amataipa muofesi m'tauni muno. Makolo ake ndi a ku Dedza, koma iye Chichewa amangomva, poyankha amasakaniza ndi Chishona ndi Chizungu. Mwana wake Wiseman wayamba kuchira, akulira mokweza tsiku lonse. Kulira kumeneko ndimakusirira.

Abiti anandifunsa chimene ndimadzidzimukira chitseko chikatseguka. Ndinawauza. Chaka chatha mwala unagwa pansi pamgodi, unapeza a Staford ndi mnzawo Enoki. Enoki anamuthamangira naye kuchipatala, anamubaya majakisoni, anamudula mwendo, anamwalirabe. A Staford anatuluka ndi bala la paphewa. A Yotamu anawapempherera n'kuwathira madzi, bala linapola. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu simulowa ngakhale asipirini. A Yotamu ndiwo mneneri wa Mpingo wa Pachiyambi. Amapemphera ku Kitsiyatota pamilu ya dothi la migodi yakale, atavala zoyera, opanda nsapato. Amaphunzitsa kuti Adamu sanabayidwepo jakisoni koma anakhala zaka mazanamazana, kuti mipingo ina yonse ndi yobwera pambuyo, inabwera ndi mabotolo a mankhwala, ndipo wawo wokha ndiwo woyamba uja.

"Yotamu wake uti?" anatero Abiti. "Uja ankaphika nyemba kukantini ya mgodi? Mwana wanga, mpingo umenewo ndi wamng'ono kwa sefuliya yangayi."

Olipa anaseka. Abiti anapitiriza kuti ngati tikufuna cha kwa Adamu ndiye ndi Chisilamu, chifukwa Adamuyo ndiye anayamba kugunditsa mphumi pansi. Olipa anakana, nati anawerenga kusukulu kuti Yesu anabadwa zaka ngati mazana asanu ndi limodzi mtumiki wa Asilamu asanabadwe. Abiti anati mtumiki sanayambitse kanthu, anangobwera kudzakumbutsa anthu zimene anaiwala. Kenako anamutembenukira.

"Nanga mpingo wako uja wa magitala muholo ya sukulu, unayamba liti?"

"Pa tsiku la Pentekoste, mbuya."

"Pentekoste wa m'Bindura muno? Holo imeneyo ine ndinaiona akuikumbira maziko."

Ndinaseka, koyamba sabata ino. Koma pambuyo pake mantha anandigwira. Abiti akuti ife tikungokumbutsa zakale. Olipa akuti ife tabwerera koyambirira. A Yotamu amanenanso zomwezo, mawu ake omwewo. Ndiye a Staford ndidzawayankha chiyani?

Lachitatu, 16 Sepitembala

Abwera masana, nthawi ya alendo. Anavala mkanjo woyera pamwamba pa ovolosi, nsapato anazisiya pakhomo la wodi. Ndinaima pakati pa iwo ndi bedi. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi ndinalimba mtima. Anangoyang'ana mutu wometedwawo ndi singano ija, misozi inayamba kutsika.

"Estele, Enoki anayamba chonchi."

Ndinati Enoki anaphwanyidwa ndi mwala, Nelly akudwala chikuku, si zofanana. Anati singano ndi yomweyo. Ndinawauza za mnzanga wina wa kuno amene akuti chipembedzo chawo ndicho chakale. Anati aliyense anganene, koma afunseni ngati amamwa mapiritsi, akavomera ndiye kuti anapatuka panjira.

A Yotamu ali kuphiri, akusala kudya. A Staford akuti sachita kanthu asanatsike, akatsika adzamva chimene Mzimu wanena. Anatulutsa kabotolo ka madzi opemphereredwa. Ndinawalola kumupaka pamphumi, madzi sapha. Anamuimbira chapansipansi kanyimbo kamene amamuimbira akaweruka, Nelly anagwedeza chala. Anati, waona? Ndinati penisilini nayenso ali m'thupi momwemo.

Anasiya malalanje anayi. Atapita, Abiti anati woopsa ndi ameneyu, wolirayu, wokalipa umangomutsekera chitseko.

Kutentha 39.9.

Lachinayi, 17 Sepitembala

Sikutsika. Anamujambula chifuwa. Akuti mbali yakumanja kwadzaza mafinya, akupanikiza mapapo. Asintha mankhwala, awonjezera ena odzera mudilipi. Sanamwe kanthu, amuika kapaipi kena ka mkaka.

Sindinadye. Abiti anandikakamiza mpunga wawo, ndinameza pang'ono.

Lachisanu, 18 Sepitembala

Amuboola. M'mawa anamutengera kuchipinda china, ine anandisiya pabenchi. Anabwera naye ali ndi paipi pakati pa nthiti, yotsikira mubotolo lalikulu lokhala pansi pa bedi. Mubotolomo muli madzi, akapuma madziwo amakwera n'kutsika. Mafinya atuluka odzaza kapu ya tiyi, achikasu. Sisita Mhaka anandiphunzitsa zinthu ziwiri. Botolo lisakwezedwe kuposa mwana. Paipi isakokedwe ngakhale pang'ono. Anandibwerezetsa ngati mwana wa giredi wani.

Dokotala wathu ndi Mmwenye, wamfupi, wa imvi m'mbali. Amalankhula Chizungu, Olipa ndiye amatimasulira. Anati paipi ikhale sabata yathunthu kapena kuposa, ikachoka msanga mpweya ulowa pabowopo, mapapo afota, mwana sangathe kupuma. Ndinamuuza Olipa afunse ngati bambo wa mwana angathe kumutenga. Dokotala anati iye adzakana ndipo adzalankhula nawo, koma wodi ilibe mpanda, anaonapo abambo akutuluka ndi ana nthawi ya alendo anamwino ali mbali ina. Sisita anati angathe kuitana apolisi, koma apolisi amafika zinthu zitachitika kale, ndipo akamva kuti ndi bambo ake a mwana amayamba kukanda mutu.

Ndili chiimire ndi mawu amenewo, Abiti anamugwira Olipa pamkono, nati popeza dokotalayu si Mkhristu si Msilamu, aweruze mlandu wathu uja. Olipa anachita manyazi koma anafunsa. Dokotala anaseka akumvetsera chifuwa cha Twaibu. Anati Ayuda ndi akale kuposa Akhristu ndi Asilamu, ndipo kwawo anthu akhala akupemphera m'mbali mwa mitsinje kuyambira kale kwambiri moti palibe amene akudziwa woyambitsa. Anati kuli nyimbo zimene ansembe akwawo akuimbabe lero, zimene zinkaimbidwa kale zaka zoposa chikwi Yesu asanabadwe. Anawonjezera kuti kwawoko kuli mulungu wamkazi wa nthomba ndi chikuku, amayi ake ankamupempha kwambiri, koma katemera anawabayitsa ana onse.

Atatuluka Abiti anati woweruza wadzipatsa yekha chigoli, mpira umenewu subwerezedwa? Olipa anati shuwa, zaka zokha si umboni, ngakhale Satana ndi wakale. Abiti anati ndiye bwanji tsiku lija umandiwerengera mazana ako aja.

Ine ndimangoyang'ana madzi a mubotolo. Akukwera, akutsika.

Loweruka, 19 Sepitembala

Kutentha 39.1. Sisita akuti ndi chiyambi chabwino. Mafinya achepa.

Kunabwera apongozi anga a Pensulo, bambo awo a a Staford. Anagwira ntchito yokolopa miyala pansi pamgodi mpaka chifuwa chinawakana, tsopano amasoka nsapato kumsika wa kukomboni. Ndinagwada kuwalonjera. Anabweretsa mahewu m'chigubu ndi mbatata yootcha. Anaima patali ndi bedi, chipewa chili m'manja, akutsokomola.

Abiti sanachedwe kuwafunsa kuti iwo ndi a mpingo uti. Anati iwo ndi a gule. Abiti anati chabwino, mwabwera nthawi yake, tiuzeni wamkulu ndani. A Pensulo anati aikona, funso limenelo ndi la ana. Mabuku onsewo anabwera pamsana pa munthu, lina ndi Mzungu, lina ndi Mluya, koma gule sanabwere ndi munthu. Pamene anthu oyamba ankatsika pa Kaphirintiwa pamodzi ndi nyama, thanthwe likadali lofewa, zilombo zinalipo kale. Anati amishoni anamuletsa gule, mabwana a migodi anamuletsa, koma pitani kukomboni iliyonse tsiku la maliro mukamve ng'oma. Sisita Mhaka, akusintha dilipi ya Twaibu, anaponyapo kuti kaya za ku Malawi, koma m'dziko muno mizimu ya mhondoro, ya mafumu akale, inalipo inu nonse musanawoloke Zambezi. A Pensulo anati zoona amayi, ife pano ndife alendo, koma mlendo naye ali ndi agogo ake.

Atatha kuseka ndinawapempha a Pensulo tituluke pakhonde. Ndinawauza kuti aletse mwana wawo. Anati Staford anawatchula a Satana pamaso pa anthu, anawaboolera ng'oma yawo ndi mpeni, mawu awo sawamvanso. Ndipo anati ngakhale akanamamva, pamwambo wathu iwo alibe mawu pa Nelly.

"Kwathu mwamuna ndi tambala wobwereka, anapiye ndi a thadzi. Mwini wake wa mwana uyu ndi mlongo wako Kaitano. Iye ndiye mwini mbumba. Akati mwana asachoke, Staford alibe pogwira."

Ndinati a Staford amanena kuti analipira roora, malowolo a kuno, ndiye mwana ndi wawo. A Pensulo anapukusa mutu, nati pamenepo ndi pamene tinalakwa tonse, iwonso analipo tsiku lija.

Ndilembe bwino nkhani imeneyi. Amayi ndi abambo atamwalira, amene anatsala wamkulu ndi achimwene anga a Kaitano, amagwira ntchito kumgodi wa ku Shamva, amakhala ku Wadzanai. Pamene a Staford ankandifunsira, anzawo achishona a achimwene ankawaseka kumowa kuti Manyasarandi, anthu a ku Malawi, alongo awo amangopereka ndi nkhuku imodzi, ngati alibe mtengo. Achimwene zinawapweteka. Anati mlongo wanga saseketsa, a Staford alipire roora ngati mmene amachitira eni dziko. Analipira. Tsiku limenelo ndinanyada, ndinkayenda ngati ndavala nsapato zatsopano. Palibe anakumbukira kuti kwa eni dziko wolipira roora ndiye amatenga ana. Tsiku limene a Staford anaotcha khadi la sikelo ndinathawira ku Wadzanai ndi Nelly kumsana. Achimwene anandipatsa tiyi, nati za m'nyumba mwanu sindingalowemo, ndinadya kale za mwamuna wako. Anandikweza basi tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo sitinaonane.

A Pensulo potsanzika anati mwambo wakale sufa chifukwa choti wina wavala wa mnzake pamwamba, koma umafuna munthu woti aunene ndi pakamwa. Anati iwo akanapita okha ku Shamva, koma tate wa mkamwini sangakaitane nkhoswe ya kuchikazi kuti idzatsutse mwana wake, a Kaitano adzati ndi msampha.

Lamulungu, 20 Sepitembala

Watsegula maso. Anandiyang'ana, anayang'ana botolo la dilipi, anandiyang'ananso. Wamwa masupuni asanu ndi limodzi osabweza. Kutentha 38.4.

Lero wodi inali ngati siteshoni ya basi. M'mawa amayi a Mvano, mpingo umene ndinakuliramo, ndi mabulauzi awo oyera, anaimba nyimbo ya amayi anga ija, sindinathe kuyankha nawo. Atachoka kunabwera Akatolika ndi makorona. Masana anzake a Olipa ndi gitala, anapemphera onse nthawi imodzi mpaka Sisita anawauza atsitse mawu. Abiti aliyense wobwera amamuuza kuti apemphererenso Twaibu, akuti pamsika sugula kwa munthu mmodzi. Iwo nthawi yawo ikakwana amayala chitenje pakati pa mabedi n'kuyang'ana kumpoto.

Twaibu sali bwino. Akutsegula m'mimba, maso alowa.

Ndakhala ndikuwerengera. Cha Olipa akuti zaka pafupifupi zikwi ziwiri. Cha Abiti chikwi ndi mazana anayi, iwo akuti kuposa. Cha dokotala sichiwerengeka. Cha apongozi chilibe ndi kalendala yomwe. Ndiye m'zaka zonsezo amayi angati anagona pansi pambali pa mwana ngati ine, aliyense akuitana wake? Ena ana awo anadzuka, ena ayi, ndipo zipembedzozo zilipobe, sizinachite manyazi. Izo zingadikire. Nelly ali ndi miyezi khumi ndi inayi basi. Sindikupempha zaka za Adamu. Ndikupempha sabata imodzi ya paipi.

Kaya ndi tchimo kulemba chonchi pa Sabata.

Lolemba, 21 Sepitembala

Olipa watuluka ndi Wiseman. Wandisiyira sopo ndi fulasiki yake, akuti ndidzabweze ndikadzatuluka ndi mwana. Anandikumbatira, nayesa Chichewa chokhachokha, anati limbani mtima asisi. Tsopano dokotala akalankhula palibe womasulira koma Sisita akakhalapo.

Kutentha 38. Mafinya ochepa kwambiri, koma dokotala anawonetsa ndi zala kuti paipi ikhalebe masiku ena asanu.

A Staford anabwera masana. A Yotamu atsika kuphiri. Akuti Mzimu wanena kuti mwana ali m'manja mwa Aigupto, atulutsidwe. Abwera Lachitatu nthawi ya alendo, amuna ndi amayi a mpingo, adzamutenga. Kukacha adzamumiza katatu padziwe la mumgodi wakale ku Kitsiyatota, kumene amabatizira. Madzi aja ndimawadziwa, ndi obiriwira, ngakhale mbuzi sizimwa.

Ndinawagwira dzanja n'kuwaonetsa botolo. Ndinati taonani bambo a Nelly, zonsezi zinali m'chifuwa mwake. Anati chatulutsa ndi madzi amene anamupaka Lachitatu lija. Ndinati mwana wayamba kumwa, wayamba kuona, mudikire masiku asanu okha, kenako mukamupempherere mmene mungafunire, inenso ndidzavala zoyera. Anati Mzimu supatsidwa tsiku ndi dokotala.

Pamenepo mtima unandiwawa, ndinanena zonse zimene ndamva m'chipinda muno. Ndinati Ayuda, Amwenye, Asilamu, Akatolika, gule wa bambo anu, onsewo ndi akale, ndipo onse ana awo ali m'chipatala muno. Mpingo wanu wayamba ine ndili kale pabanja. Mwana wa dzana angaphunzitse agogo ake kuyenda?

"Chitsime chikhoza kukumbidwa dzulo, Estele, koma madzi ake si adzulo."

Mawu amenewa amawaphunzira kwa a Yotamu. Ndiye ndinangoti Nelly ali ndi atsibweni ake, simungamutenge iwo osadziwa.

Apa anasintha nkhope. Anayang'ana pansi, anayamba kupotokola chingwe cha mkanjo. Anati a Kaitano analandira roora, anasamba m'manja. Ndinati nanga atabwera? Anati iwo si mwana wopanda mwambo, alamu awo atabwera n'kuwauza pamaso kuti mwana wa mbumba yanga sachoka pano, sangalimbane nawo, ndipo a Yotamu nawonso ndi Mchewa, sanganyamule mwana mwini mbumba ataima pakhomo.

"Koma sabwera. Iwenso ukudziwa."

Anamupsompsona Nelly paphazi, anapita.

Ndinauza Sisita Mhaka. Akuti Lachitatu adzakhala pafupi ndipo adzauza mlonda, koma masana amakhala anamwino awiri wodi yonse, mlonda ndi mmodzi pageti la kutsogolo. Akuti ngati ndili ndi wachibale woti a Staford amamuopa, ndimuitane. Telefoni ya kumgodi wa achimwene sindiidziwa. Kuchoka ndekha sindingathe, ndani atsale ndi botolo.

Lachiwiri, 22 Sepitembala

Twaibu wamwalira m'mawa uno, tikulandira phala. Sanalire. Abiti anamutseka maso, anamumanga kachibwano ndi kansalu, ananena mawu awo aja chapansipansi. Anandipempha ndiwagwirire mapazi ake pamene ankamukulunga. Anali opepuka ngati a nkhuku.

Ndinati pepani amayi, ndinalephera kupitiriza. Iwo ndiwo anandigwira phewa. Anati kwawo maliro sagona, amuna a kumzikiti apeza kale galimoto, amuika ku Wadzanai dzuwa lisanalowe. Akulongedza mbale zawo anandifunsa kuti mlongo wako uja ndi Kaitano wake uti. Ndinati wamtali, wa mpata kumano, amakhala kufupi ndi thanki ya madzi. Anati uja amavala jekete labulauni Lamulungu lililonse ngakhale kutenthe bwanji? Ndinati yemweyo, jeketelo ndi la pa roora langa, a Staford anagula kwa Amwenye m'tauni muno.

"Ng'amba masamba ako onsewo undipatse. Ndikamuika mwanayu ndipita ndekha. Akakana kuwerenga ndimuwerengera pakhomo anthu akumva."

Ndinati muli pachisoni, musavutike. Anati wanga wapita, ndikhale pansi kuti ndione chiyani. Apita kukasaina za mtembo, akuti ndilembe msanga, galimoto siidikira.

Achimwene, ndi ine Estele. Sindinalembe masamba awa kuti inu muwerenge, ndiye muli zina zokupwetekani, mundikhululukire, nthawi yokonza ndilibe. Sindikukuimbani mlandu. Munafuna kuti asandiseke, ndikudziwa. Koma Nelly akuchira, lero kutentha 37.8, wagwira supuni yekha, ndipo mawa masana akubwera kudzamuzula paipi. Ine ndayesa mawu onse amene ndili nawo, andithera. A Staford dokotala samumva, apongozi sawamva, amva inu nokha, anena okha ndi pakamwa pawo. Simukufunika kudziwa chipembedzo chachikulu ndi chiti. Mungoima pakhomo la chipinda chakumapeto, kuseri kwa kochapira, munene kuti mwana wa mlongo wanga sachoka. Ngati jekete lija ndilo likukumangani pakamwa, livuleni mubwere nalo m'manja muwabwezere a Staford, zotsalazo tidzaona pambuyo, ndidzagwira maganyu m'mafamu.

Musadikire kupempha tchuthi, musadikire Loweruka. Kwerani basi yoyamba ya m'mawa. Alendo amalowa wani koloko, inu mufike isanakwane. Amayi akanakhalapo akanakutumani, palibe wina woti ndimuitane. Bwerani achimwene, bwerani mawa.